Phula la Apongozi Anga

Ntchito yanga ndi yolemba zikwangwani. Mukadutsa pa Chitakale n'kuona nkhuku yojambulidwa pakhoma la lesitilanti, kapena mutu wa munthu wometa bwino pakhomo la babashopu, mwina ndi dzanja langa limenelo. Nkhukuyo ena amati ikufanana ndi khwangwala, koma onena zimenezo sanagwirepo bulashi chibadwire. Ndinakwatira m'mudzi wina kunsi kwa phiri la Chambe, ndipo ndimakhala komweko monga mkamwini. M'mawa uliwonse ndimapalasa njinga kupita kukashedi kanga, zitini za penti zikulira pakaliyala.

Apongozi anga aamuna nawonso ndi mkamwini pamudzipo, koma wakalekale. Anabwera kuchokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo, atanyamula mphasa ndi nkhwangwa basi, n'kukwatira amayi a mkazi wanga. Eni mudzi anawapatsa kamtunda ka miyala kuseri kwa nyumba, kamene panalibe wokafuna poti chimanga sichikanamerapo. Pakamtundapo mkuluyo anadzala mibawa, masuku, mapeyala ndi mitengo ina imene mayina ake amaidziwa m'Chilomwe chokha, ndipo m'mitengomo anapachikamo ming'oma ya njuchi. Apongozi aakazi atamwalira, abale sanawasudzule kuti abwerere kwawo, chifukwa kwawoko kunalibenso wowalandira. Anawasiyira kanyumba kawo, n'kunena poyera kuti mitengo ya pakamtunda ndi ya amene anaidzala.

Pa nkhani ya njuchi, mkuluyo sankamva za munthu. Ankadziwa khalidwe la mng'oma uliwonse: izi zaulesi, izi zaukali, izi zimakonda maluwa a nandolo. Phula ankalitcha sera, monga amanenera kwawo, ndipo sankataya ngakhale kachidutswa. Akafula uchi, zisa ankaziphika mumphika wakale, kuzifinya m'thumba, n'kuumba mabulunga achikasu amene ankawasunga kudenga. Ine njuchi zawo zinandiluma tsiku loyamba lomwe ndinakaonekera pamudzipo, diso mpaka kutsekeka, ndipo mkazi wanga amaseka mpaka lero. Ndinangopirira, paja wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima.

Kenako kunabwera namondwe uja amene aliyense wa ku Mulanje kuno ali ndi nkhani yakeyake. Mvula inagwa yosapuma mpaka phiri linalefuka. Akuluakulu ankati napolo wadutsa, a pawailesi ankati ndi kusintha kwa nyengo. Ine chimene ndinaona ndi maso anga ndi matope ofiira, miyala ndi mitengo yathunthu zikutsika pamodzi, n'kufafaniza nyumba za kutsidya kwa khwawa pamodzi ndi anthu amene tinkadyera nawo mbale imodzi. Kwathu madzi anafika, anagwetsa khitchini ndi khoma limodzi la apongozi, koma miyala sinatipeze. Inakodwa m'mitengo ya mkulu uja. Mwala umodzi waukulu ngati khola la mbuzi unaima pakati pa mibawa iwiri, molunjika chipinda chimene ana anga amagona, ndipo ulipobe.

Njuchi sizinachite mwayi ngati ife. Ming'oma ina inagwa, ina inalowa madzi. Zotsalazo zinalimbikira, koma chiperoni chimene chinkatinyowetsa chaka ndi chaka chinangotilawitsa n'kupita, chilimwe kunatentha moti sitinaonepo, moto unayenda m'phiri, mitengo inachita maluwa nthawi yolakwika. Gulu ndi gulu, njuchi zinasamuka. Apongozi anakonza ming'oma, anafikisamo masamba onunkhira, anadikira mpaka chaka chinatembenuka. Munalowa nyerere ndi abuluzi basi.

Nthawi imeneyo aliyense ankafuna njerwa, poti dera lonse linali pa ntchito yomanganso. Ndiye panali mkulu wina wootcha njerwa, munthu waulemu wake, wolankhula motsitsa, koma maso ake sankachoka pa mitengo ya eni. Anafika kwa apongozi n'kukhala pansi bwinobwino, chipewa m'manja. Anati awapatsa njerwa zokwanira khoma ndi khitchini, iwo amupatse mitengo ya pakamtunda kuti aotchere uvuni wake waukulu. Apongozi anavomera. Anapangana kuti nkhwangwa zidzalowa uvuni ukatha kusanjidwa, mvula isanayambe.

Nditamva ndinapsa mtima, moti tsiku limenelo ndinalemba chikwangwani cha butchala chopendekeka. Nyumba zagwa chifukwa phiri lavulidwa, ndiye kuti timangenso, tivule kotsalako? Koma mkamwini asamakule mwendo. Mitengo sinali yanga, dothi silinali langa, zanga pamudzipo ndi njinga ndi mabulashi. Mkazi wanga anayesa kulankhula ndi bambo ake, anabwerako akupukuta misozi. Ndinapita ndekha, n'kukhala chapatali monga mwa mwambo, nkhope itayang'ana kumbali.

"Bambo, mwala uja mwauona pamene unaima?" ndinafunsa.

"Ndauona, apongozi. Maso ndili nawo."

"Nanga mitengoyi ikachoka, mnzake akamadzatsika adzaima pati?"

Anakulunga fodya, koma sanamuyatse. "Mitengoyi ndinadzalira njuchi. Eni ake apita. Ine ndizigona m'nyumba ya makoma atatu n'kumalondera manda? Mawu ndapereka kale, puronto, nkhani yatha." Kenako analoza mulu wa ming'oma imene anali ataitsitsa. "Iyo mukaitenge, mwana wanga aziphikira. Serayo mupangire makandulo. Ndatopa kuziona."

Ndinaituta, koma pamoto sinafike. Wolemba zikwangwani saotcha thabwa, ngakhale likhale lakuda ndi utsi. Ndinaisanja kuseri kwa nyumba, mabulunga a phula ndinawaika m'thumba, ndipo ndinalibe maganizo ena alionse kupatula kukwiya.

Sabata yomweyo kushedi kwanga kunabwera mayi wina wophunzitsa kusekondale ina ya kufupi ndi Chitakale. Ankafuna ndimulembere nsalu yoitanira anthu ku chionetsero cha zojambula za kusintha kwa nyengo, chimene ankakonza m'holo ya pasukulupo. Anayang'ana zikwangwani zanga zimene zinkauma padzuwa.

"Kodi inu zanu ndi nkhuku ndi mitu ya anthu basi?"

"Ndi zimene zimandidyetsa, amadamu."

"Ine ndikufuna zojambula za anthu amene anaona ndi maso awo. Taonani izi."

Anandionetsa pafoni zithunzi zimene anthu a kunja amajambula ndi phula losungunula, lothira mitundu. Madzi ake ankaoneka akuya, ngati ungapisemo chala. Ndinaseka, n'kunena kuti kwathu phula ndi lomatira ndowa zobooka. Kuseka kusanathe ndinakumbukira thumba lija ndi matabwa aja. Ndinene zoona, cholinga changa sichinali cha luso ayi. Ndinkafuna kuti dera lonse lione mitengo ija ndi mwala uja, kuti apongozi achite manyazi kulowetsamo nkhwangwa.

Phula si penti. Penti imakudikira, ukhoza kupita kukamwa tiyi n'kuipeza ikadali yonyowa. Phula silidikira munthu. Ukangolichotsa pamoto, usanafikitse bulashi pathabwa lagwirana kale, bulashiyo yasanduka chibonga. Ndinasanja zitini za nsomba pambaula, ndikusonkhezera zisononkho ndi zipalapala za kwa kalipentala, poti kujambula za kutha kwa mitengo uku ukuotcha makala kukanakhala kudzitukwana wekha. Zala zinapsa, nsidze zinawauka. Phula lokha linkafewa msanga, mpaka amadamu anandiuza kuti ndisakanize ndi utomoni wa paini.

Mitundu ndinaitola pansi. Wofiira ndinakakumba pachipsera chimene napolo anasiya kutsidya kwa khwawa, n'kuusefa ndi nsalu. Wakuda ndinapala mwaye kukhitchini, woyera unali laimu, wotuwa unali phulusa. Wa mitambo ndi umene unandizunguza, mpaka ndinaba buluu wochapira wa mkazi wanga. Buluu yemweyo akakumana ndi chikasu cha phula amabala zobiriwira, ndiye masamba a mibawa anapezeka choncho. Kuti phula la pamwamba ligwirane ndi la pansi pamafunika kulitenthanso pang'ono, ndipo m'nyumba mwathu chotenthera chosalala chinalipo chimodzi chokha.

"Bambo a ana, simbiyi mwasitira chiyani?" anafunsa mkazi wanga, atanyamula bulauzi yake yoyera ya kumpingo, kumsana kwake kuli banga lofiira.

"Phiri."

"Phiri. Ndiye Lachinayi ndikavale phiri?"

Analankhula zambiri, zina zokhudza makolo anga amene sanalakwe kanthu. Ndikanayankha, poti pakamwa pangapa sipachedwa, koma anali atatembenukira thabwa limene ndinatsamiritsa pakhoma. Panali nyumba za kutsidya zija monga zinalili kale, ndi matope akubwera pamwamba pake. Anazindikira chitseko chobiriwira cha mnzake amene ankapita naye kuchigayo. Anakhala pansi, bulauzi ili pamiyendo. M'mawa mwake ndinapeza dothi atandisefera kale m'lichero.

Ming'oma ndinaiphwasula yonse kupatula umodzi, umene unali wabwinobwino moti dzanja linakana kuzula misomali. Umenewo ndinaujambula kunja kokha, mbali zonse, mitengo ya pakamtunda kuzungulira, khomo la njuchi ndinalisiya monga linalili. Apongozi ankadutsa pafupi akamapita kumtsinje, fungo la sera yawo lili m'mphuno, koma khosi silinatembenuke ngakhale kamodzi. Uvuni wa wootcha njerwa uja unali ukukwera tsiku ndi tsiku m'mbali mwa msewu, ndipo ndikamadutsapo ndinkapalasa mofulumira kuti ndisauone.

Chionetsero chinatsegulidwa mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Holoyo inali ya malata opanda siling'i, mawindo ake opanda magalasi chiyambire namondwe. Ana a sukulu anabweretsa zojambula za pensulo, amayi ena nsalu zopeta, wina zithunzi za kamera. Matabwa anga anawapachika pakhoma la kumawindo, ndipo mng'oma uja anauika patebulo pakati pa holo. Amadamu, amene ndinali nditawafotokozera nkhani yonse, analemba kapepala pansi pake ndi mawu a apongozi omwe aja: Eni ake apita. Kutayamba kutentha, phula linafunda, holo yonse inayamba kununkhira uchi.

Anthu anabwera kuposa mmene tinkaganizira. Ena ankangofuna mthunzi, koma akalowa sankatuluka msanga. Ankaloza, ankatsutsana kuti munda uwu unali wa yani, ankatchula mayina a anthu amene kulibenso. Panafika mayi wina wa kutsidya kuja, amene anatsala yekha m'banja mwake ndipo anali kusungidwa ndi abale ku Milonde. Anaima pa chithunzi cha chitseko chobiriwira nthawi yaitali.

"Achimwene, dothi ili ndi la pati?"

"La pakhomo panu, mayi."

Anatambasula dzanja n'kulikhazika pathabwapo, chikhatho chonse. Panali chikwangwani chimene ndinalemba ndekha choletsa kugwira zojambula. Amadamu anapita mwakachetechete n'kuchichotsa. Ine ndinatuluka panja, chifukwa misozi ya mwamuna wamkulu pamaso pa ana a sukulu imasanduka nkhani ya chaka chonse. Ndinali ndisananyadirepo ntchito ya manja anga ngati tsiku limenelo, ndipo ndinali ndisanamvepo chisoni chotero pa ntchito yomweyo.

Tsiku loyambalo munalowa njuchi zingapo. Ndinaziingitsa ndi nyuzipepala, anthu akuseka kuti nazonso zabwera kudzaona. Tsiku lotsatira zinachuluka, zikulowa ndi kutuluka pakhomo la mng'oma uja, zikuyendayenda pamatabwa ngati munthu wofuna nyumba ya lendi. Ine, mkamwini wa mlimi wa njuchi wa zaka zonsezi, sizinandifike m'mutu. Inali nyengo imene njuchi zimasamuka. Ndinali nditatenga matabwa amene njuchi zagonamo zaka zambiri, kuwapaka phula lochindikala, kuthiramo utomoni, n'kuwaika pamalo otentha a mawindo otsegula. Nyambo yoposa imeneyo sindikudziwa ngati inapangidwapo m'boma la Mulanje.

Mbiri inafika kumudzi kuti mkamwini waika umphawi wa apongozi ake pamsika, ndi mawu awo omwe. Loweruka, tsiku lotsekera, mkuluyo anavala jekete lake la maliro ndi maukwati, anakwera kabaza n'kufika pasukulupo. Uvuni unali utatha kusanjidwa, nkhwangwa zinali za Lolemba. M'holo munali modzaza, mlendo wolemekezeka wochokera ku boma ali pafupi kuyamba kulankhula. Apongozi anandipeza pakhomo, ndipo aka kanali koyamba kundiyang'ana m'maso.

"Apongozi, ndinati mukaphikire. Sindinati mukandiyanike."

"Bambo, moto ukanadya kamodzi n'kuiwala. Apa anthu akuona zimene mitengo yanu inachita."

Apongozi analowa m'holo. Anayenda thabwa ndi thabwa, manja kumbuyo, akuzindikira ming'oma yake ndi mabowo a misomali. Anafika pa chithunzi cha mwala pakati pa mibawa iwiri, chimene ndinachigwirira ntchito kuposa zonse, ndipo anthu anawapatsa malo, ena akunong'ona kuti mwini mitengo ndi ameneyu. Ndinadikira.

"Mbawa wa kumanzerewu mwaupinda. Suli choncho," anatero. "Lolemba adula."

Nzeru zanga zonse zinathera pomwepo. Ndinali nditawauka nsidze, kuononga simbi ndi bulauzi, kusiya makasitomala akudandaula, zonsezo kuti nkhalamba indiuze kuti mtengo wapindika. Ndinafuna kuzula matabwa onse n'kukaphikiradi. Mlendo wa ku boma anaimirira, anakonza tayi, anayamba kulonjera akuluakulu mmodzimmodzi.

Asanamalize malonje tinamva mkokomo, ngati lole ikubwera patali. Kuwala kwa pawindo kunachita mdima. Kenako njuchi zinalowa, mtambo wathunthu, holo yonse kuti ng'wii. Mipando inagwa, nsapato zinatsala, anthu anapanikizana pakhomo. Ine amene ndimadziwa ululu wake ndinatulukira pawindo, ndipo akuti ndinali woyamba. Ndili panja ndinamva mawu a amadamu, osakweza, mawu a m'kalasi.

"Amene mwatsala khalani pansi, musakupize manja. Njuchi zosamuka sizifuna munthu, zikufuna nyumba."

Ndinasuzumira pawindo lomwelo. Mtambo uja unazungulira kudenga, kenako unayamba kutsika, kusonkhana pa mng'oma wa patebulo. Zinatera pamitengo yanga yojambula mpaka kuiphimba yonse, zitaunjikana mpaka kulendewera, ndipo pang'onopang'ono zinayamba kuyenda kulowera pakhomo, mwadongosolo ngati anthu olowa m'tchalitchi. Pakati pa holo panali pataima munthu mmodzi. Apongozi anali atavula chipewa, njuchi zikuyenda paphewa la jekete, iwo akulankhula motsitsa m'Chilomwe mawu amene sindinawamve. Misozi inkatsika m'makwinya mpaka kuchibwano, osaipukuta.

Ndinalowanso, pakhomo tsopano, n'kuima pambali pawo.

"Si zanga izi," anatero, osandiyang'ana. "Ndi za m'mabulugamu a ku esiteti. Njuchi za m'tauni."

Ndinayang'ana njuchizo zikupitiriza kulowa mumng'omamo.

"Koma zalowa m'nyumba yanga." Anawerama n'kuchotsa kapepala kaja ka pansi pa mng'oma, kukapinda, kukaika m'thumba la jekete.

Panja amayi anayamba nthungululu, amadamu akuwapempha kuti aziimbira patali. Mlendo wa ku boma anamalizira mawu ake pansi pa mtengo wa mango, nsapato imodzi ili m'manja, akuseka kuti zonse zimene anakonza kunena zanenedwa kale ndi eni nkhani. Anthu anabwerera kumawindo kudzaona, ena anaitana anzawo kumsika, ma kondakitala anasiya minibasi pasiteji. Chionetsero chimene chinayenera kutsekedwa masana chinatha dzuwa litapendeka, ndipo palibe amene analuma wina, munthu kapena njuchi.

Mng'omawo tinautenga m'mamawa wa Lamulungu, njuchi zisanayambe kutuluka. Apongozi anatseka khomo ndi kansalu, tinaumanga pakaliyala ndi malamba a chubu, n'kuyamba kukankha njinga wapansi mpaka kumudzi. Ine ndinagwira mahandulo, iwo kumbuyo, akundikalipira pa dzenje lililonse ngati ndine ndinakumba. Zaka zonse za ukamwini wanga tinali tisanayendepo limodzi msewu umodzi. Tinaupachika pa mbawa wa kumanzere uja, pamwamba pa mwala, ndipo ndinauyang'anitsitsa mtengowo. Unali wopindika ndithu monga ndinaujambulira.

Lolemba wootcha njerwa anafika ndi anthu ake, nkhwangwa pamapewa. Anapeza apongozi atakhala pamwala, njuchi zikuuluka pamwamba pa mutu wawo.

"Dulani," anatero mkuluyo, "koma muyambe mwapempha eni ake."

"Madala, mawu munapereka."

"Ndinapereka, ndipo ndikupepesa. Ndinakupatsani mitengo ya kumanda. Iyi tsopano ndi ya pamudzi, muli anthu."

Wootcha njerwa anayang'ana mng'oma, anayang'ana anyamata ake amene anali atabwerera kale m'mbuyo, n'kuseka chopukusa mutu. Nkhani ya ku holo inali itamufika. Anavala chipewa chake n'kutsika, njerwa zake zinapita kwina. Khoma ndi khitchini tinamanga ndi zidina, ine ndi alamu anga, ndipo msana unandipweteka mwezi wathunthu. Usiku wa tsiku la nkhwangwalo mkazi wanga anapha nkhuku osauza munthu chifukwa chake, ntchafu anapatsa bambo ake, ine chiwindi.

Ndikanakonda nkhaniyi ithere pamenepa, ine ndili ngwazi. Koma amadamu anabwera ndi uthenga woti anthu ena akufuna zithunzi zanga zikaonetsedwe ku Blantyre. Mutu unakula, ndinayamba kale kuganiza za malaya okavala. Madzulo omwewo apongozi anandiitana, ndipo anandilozera mpando wapafupi, osati wapatali.

"Mng'oma umodzi si ulimi, apongozi. Nyengo yosamuka ndi inoyi, ikapita yapita. Ndibwezereni matabwa anga."

"Bambo, munandipatsa."

"Ndinakupatsani nkhuni. Mwaphikira?"

"Ndiye zithunzizo ziziotchedwa ndi dzuwa m'mitengo?"

"Ayi. Kojambulako kuyang'ane mkati. Sera yanu ija ndi imene zikufuna."

Ndinadzuka osatsanzika. Zithunzi zimene zinaliza anthu, zimene a ku Blantyre ankazifuna, zikakhale mumdima kuti azizionera ndi tizilombo. Ndinakalipira njinga, ndinakalipira galu, ndinakana chakudya. Mkazi wanga anandisiya mpaka nditatopa, kenako anandifunsa funso limodzi lokha: kodi ndinajambula kuti ndipite ku Blantyre, kapena kuti mitengo ikhale? Mkazi ameneyu anatengera bambo ake, ndipo palibe chimene ndingachite.

Amadamu anazijambula zonse pafoni, n'kunena kuti a ku Blantyre aona zomwezo. Chithunzi cha chitseko chobiriwira tinakachipereka kwa mayi uja ku Milonde, ndipo pa chimenecho apongozi sanatsutse. Zotsalazo ndinazikhoma ndekha, msomali uliwonse m'bowo lake lakale, phiri, matope ndi mitambo zikuyang'anizana mkati mwa bokosi. Tinazipachika pakamtunda. Si ming'oma yonse imene inalowa njuchi chaka chimenecho, koma yambiri inalowa, ndipo mvula isanagwe kuseri kwa nyumba kunali kukulira ngati kale.

Nthawi yofula itakwana, mkuluyo anandiitana kuti ndimugwirire chofukizira utsi. Ndinavala malaya awiri ndi thumba kumutu, iwo jekete lokha. Atavundukula mng'oma woyamba ndinasuzumira kufuna ntchito yanga. Linali thabwa la chipsera cha napolo, matope ofiira aja akutsika phiri. Njuchi zinali zitamanga zisa kuyambira pamwamba mpaka pansi, zoyera, zodzaza, moti pa chithunzi chonse panangotsala kakona ka buluu wa mkazi wanga.

Tinakhala pamwala uja, mumthunzi wa mibawa iwiri, kumunsi kwathu ana akusewera pawindo la chipinda chawo. Apongozi anadula chisa chimodzi n'kundipatsa m'manja, uchi ukuyenderera mpaka m'chigongono. Ndinadya. Iwo anapukuta mpeni pa thalauzi, akuyang'ana m'mwamba mwa mitengo yawo.

"Sera ya chaka chino ndi yanu, apongozi," anatero. "Koma matabwa mukafune kwina."